Seva yafika, koma osewera ali kuti? Za ma callback a scene mu gemu ya pa netiweki

Mu gemu iliyonse imene anthu angapo amasewera limodzi kudzera pa netiweki muli kanthawi kochepa kamene wosewera sakalabadira, koma kamene kamasowetsa tulo amene analemba gemuyo. Ndi kanthawi kamene osewera achoka m'chipinda chodikirirana, momwe amasankha mayina ndi mitundu ya zovala, koma sanafike pabwalo pamene masewerawo achitikire. Wosewera amangoona mdima pa sikirini, kapena kamzere kakuyenda pang'onopang'ono. Kuseri kwake, foni iliyonse ndi kompyuta iliyonse imakhala ikuphwasula dziko limodzi n'kumanga lina, iliyonse pa liwiro lake, ndipo palibe ngakhale imodzi imene imadziwa pamene inzake yafika pokhapokha itauzidwa. Zovuta zambiri zimene ndakumana nazo pa ntchito imeneyi zinabadwira m'kanthawi kameneka, ndipo pafupifupi zonse zinachokera pa ganizo limodzi, lakuti scene ikasintha ndiye kuti yasintha kwa aliyense nthawi imodzi.

Ine ndi anzanga ochepa kuno ku Zomba, ena mwa iwo ophunzira amene amagona ku Chikanda, takhala tikupanga gemu ya mpikisano wa njinga za kabaza. Osewera anayi amanyamuka pafupi ndi msika waukulu, kudutsa m'tauni, n'kuyamba kukwera msewu wokhotakhota wa kuphiri wopita ku Kuchawe, aliyense atanyamula katundu amene amalemeretsa njinga pachitunda. Tikuipanga mu Unity, pulogalamu yopangira magemu, ndi chilankhulo cha makompyuta cha C#, ndipo mbali ya netiweki tinaiika m'manja mwa Mirror. Mirror inaphuka kuchokera ku UNet, njira ya netiweki imene Unity inatulutsa mu 2015 n'kulengeza mu 2018 kuti ikuisiya. Anthu odzipereka anatenga code yake n'kupitiriza kuikonza, ndipo mpaka lero ndi yaulere, chimene n'chofunika kwambiri kwa ife amene timavutika kupeza madola olipirira zinthu za kunja. Chofunika koposa pa nkhani ino n'chakuti code yonse ya Mirror ili poyera, moti munthu angathe kuitsegula n'kuwerenga mzere ndi mzere chimene ikuchita m'malo molota.

Mu Unity, scene ndi gawo limodzi la gemu pamodzi ndi zonse zimene zili m'menemo, monga misewu, mitengo, kamera, kuwala ndi zinthu zoyenda. Gemu yathu ili ndi ma scene atatu: chipinda chodikirirana, msewu wa mpikisano, ndi tsamba la zotsatira. Callback ndi kachigawo ka code kamene inu mumalemba koma simukaitana nokha. Mumakapereka kwa Unity kapena kwa Mirror, ndipo iwowo ndi amene amakaitana chinthu china chikachitika, mwachitsanzo scene ikatha kutsegulidwa. Dongosolo limeneli ndi labwino, chifukwa simukhalira kufunsa mobwerezabwereza ngati ntchito yatha. Kuipa kwake n'kwakuti nthawi yoitanira simuisankha ndinu, ndipo dzina la callback limakuuzani chimene chachitika koma silikukumbutsani kuti chachitikira pa makina amodzi okha, amene akuyendetsa code imeneyo.

Vuto lathu linkaoneka motere. Osewera onse akanena kuti akonzeka, gemu inkasamukira ku scene ya msewu, n'kuwerenga kuchokera pa 3 kufika pa 1, kenako njinga n'kumasulidwa. Pa kompyuta zonse zinkayenda bwino, ndipo pa mafoni ambiri zinali chimodzimodzi. Koma mnyamata mmodzi wa m'gulu lathu, amene foni yake ndi yakale ndipo ili ndi memory yochepa, ankafika pamsewu n'kupeza anzake atanyamuka kale, njinga yake itangoima, osasuntha ngakhale adine batani motani. "Achimwene, ine ndikungoona fumbi la anzanga, njinga yangayi yakana," ankatero, foni ili m'manja. Chosautsa kwambiri chinali chakuti sizinkachitika nthawi zonse. Akabwereza mpikisano osatseka gemu, kawirikawiri njinga inkayenda, ndipo wina ankatha kunena kuti vuto latha lokha.

N'kosavuta pa nthawi ngati imeneyi kunena kuti cholakwa ndi foniyo, kapena netiweki, n'kumuuza mnyamatayo kuti abwereke foni ya mnzake. Ine maganizo amenewa ndimawakana ndi mtima wonse. Foni ngati yake ndi imene ili m'matumba mwa anthu ambiri amene tikuwapangira gemuyi, ku Matawale, ku Chinamwali ndi ku Sadzi, ndipo gemu imene imasiya m'mbuyo wosewera wa foni yotsika mtengo ndi gemu imene yalephera pa anthu ake enieni. Foni yake sinalakwe kanthu. Inachita zonse zimene inauzidwa, kungoti inazichita mochedwerapo, ndipo kuchedwa kwa makina ena ndi chinthu chimene gemu ya pa netiweki iyenera kuyembekezera kuyambira pachiyambi.

Chimene chimabisa vuto lotere ndi mmene ambiri a ife timayesera gemu. Mu Mirror, makina angathe kukhala seva, imene imasunga choonadi cha masewera, kapena client, imene imaonetsa masewerawo kwa wosewera, kapena host, imene ndi seva ndi client pamodzi mu pulogalamu imodzi. Wolemba gemu akafuna kuona msanga ngati zimene walemba zikugwira, amadina batani la host chifukwa ndilo lapafupi. Koma kwa host scene imatsegulidwa kamodzi kokha, ndipo seva ikamaliza ndiye kuti client yake yamalizanso m'kamphindi komweko, popeza ziwirizi zili m'thupi limodzi. Uthenga wochoka ku seva kupita ku client imeneyi sudutsa pa waya kapena pa Wi-Fi, umangosuntha mkati mwa pulogalamu yomweyo. Chotero code imene imaganiza kuti seva ikafika onse afika imakhala yoona kwa host nthawi zonse, ndipo munthu angathe kuiyesa kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kulowa osaona cholakwika.

Kuti munthu amvetse chimene chikuchitika, ayenera kutsatira ulendo wonse monga mmene walembedwera mu NetworkManager, gawo la Mirror limene limayendetsa kulumikizana ndi kusintha kwa ma scene. Seva ikaitana ServerChangeScene, choyamba imalemba kuti ma client onse si okonzeka, ndipo imawachotsa pa mndandanda wa olandira nkhani za zinthu za m'gemu. Kenako imaitana OnServerChangeScene, imayamba kutsegula scene yatsopano kumbali yake, n'kutumiza uthenga wouza ma client dzina la scene imene ayenera kutsegula. Client ikalandira uthengawo imaitana OnClientChangeScene, imayamba kutsegula, ndipo imaleka kaye kuwerenga mauthenga ena mpaka itamaliza, kuopa kulandira nkhani ya chinthu chimene sichinakhalepo kumbali yake. Seva ikamaliza imadzutsa zinthu za netiweki zimene zili mu scene yatsopano n'kuitana OnServerSceneChanged. Client ikamaliza imaitana OnClientSceneChanged, ndipo m'menemo ndi momwe imatumiza mawu akuti yakonzeka n'kupempha kuti wosewera wake apangidwenso, popeza wakale uja anaphwasulidwa pamodzi ndi scene yakale. Mawuwo akafika, seva imaitana OnServerReady, ndipo kuyambira pamenepo ndi pamene imayambiranso kutumizira client imeneyo zinthu za m'gemu. Pa ulendo wonsewu palibe malo pamene Mirror imalonjeza kuti seva ndi ma client amaliza pamodzi, ndipo palibe callback pakati pa amenewa imene imanena kuti onse afika.

Munthu wozolowera mapulogalamu a makina amodzi akaona vuto, dzanja lake limathamangira ku breakpoint, kuti aimitse pulogalamu pa mzere wokayikitsa n'kuona zimene zili m'kati. Pa gemu ya netiweki njira imeneyi imasokoneza chinthu chomwecho chimene mukufuna kuona. Mukaimitsa seva, ma client saima, amapitiriza kutsegula scene, ndipo mukaimasula mumapeza kuti onse afika kale, vuto lazimiririka. Mukaimitsa client, seva imasiya kumva kuchokera kwa iyo, ndipo KCP, njira imene Mirror imatumizira mauthenga mukapanda kusankha ina, imadula kulumikizana pakatha masekondi 10 a chete ngati simunasinthe nambalayo. Pamenepo mumakhala mukufufuza vuto lina limene mwalipanga nokha poimitsa pulogalamu. Vuto la nthawi silingaonedwe poimitsa nthawi pa makina amodzi okha pamene enawo akupitirira.

Chimene chimagwira ntchito ndi log, kulemba mzere umodzi nthawi iliyonse callback ikaitanidwa, ndipo apa ndi pamene ndikufuna kukhalitsa, chifukwa log yolembedwa mosasamala imangochulukitsa chisokonezo. Mzere uliwonse uyenera kunena amene akulankhula, kaya ndi seva, client kapena host. Uyenera kunena nambala ya kulumikizana, imene Mirror imaitcha connectionId, kuti mudziwe wosewera amene nkhaniyo ikumukhudza. Uyenera kunena dzina la callback, dzina la scene imene ili yotsegula pa nthawiyo, ngati client ili yokonzeka kapena ayi, ndi nambala ya frame (chithunzi chimodzi mwa zambiri zimene gemu imajambula pa sekondi) yochokera ku Time.frameCount, imene imakuuzani ngati zinthu ziwiri za pa makina amodzi zinachitika mu frame imodzi kapena zinatalikirana. Ife tinalemba ka function kamodzi kamene kamasonkhanitsa zonsezi, n'kukaika pa mzere woyamba wa callback iliyonse yokhudza scene, ngakhale imene tinkaiona ngati yosakhudzidwa. Pa kompyuta mizereyi imapezeka mu fayilo ya Player.log. Pa foni ya Android mumalumikiza chingwe cha USB n'kuiwerenga ndi lamulo la adb logcat, ndipo mukasefa ndi dzina lakuti Unity mumachotsa phokoso lonse la mapulogalamu ena.

Mukakhala ndi ma log ochokera ku makina anayi, chiyeso chimene chimabwera ndi kuwasanja motsatira wotchi ya makina aliwonse. Musatero. Wotchi ya foni ina ingathe kutsogola ya inzake ndi sekondi kapena kuposerapo, ndipo vuto limene mukulifuna lingathe kukhala laling'ono kuposa kusiyana kumeneko, moti mungaone uthenga utalandiridwa usanatumizidwe. Leslie Lamport analongosola nkhani imeneyi mu 1978, m'pepala lake lokhudza nthawi, mawotchi ndi dongosolo la zochitika pa makina ambiri ogwira ntchito limodzi. Mfundo yake ndi yakuti pali zinthu zochepa zokha zimene tingazitsimikize: zochitika za pa makina amodzi zimatsatana monga mmene zinachitikira, ndipo kutumiza uthenga kumatsogola kulandira kwake. Zochitika ziwiri za pa makina osiyana zimene sizinalumikizidwe ndi uthenga uliwonse zilibe dongosolo limene mungadalire. Lero china chitsogola, mawa chinzake. Chotero posanja ma log, ine ndimayamba ndi mauthenga. Ndimapeza mzere pamene seva yatumiza dzina la scene, ndi mzere pamene client yalandira, n'kuilumikiza ndi cholembera papepala. Ndimachitanso chimodzimodzi ndi mawu akuti yakonzeka. Zina zonse zimagwa pakati pa mizere yolumikizidwayi, ndipo chithunzi chimaoneka chokha.

Titachita zimenezi, nkhani ya njinga yoima inaoneka poyera. Kuwerenga kwa 3 kufika pa 1 kunkayambira mu OnServerSceneChanged, kutanthauza kuti seva inkayamba kuwerenga ikangomaliza kutsegula msewu kumbali yake. Mafoni achangu ankafika kuwerengako kusanathe, ndiye ankalandira lamulo lomasula njinga. Foni ya mnyamata uja inkatenga nthawi yoposa masekondi atatuwo, makamaka ulendo woyamba, pamene zithunzi za mitengo ndi misewu zinkayenera kuwerengedwa kuchokera mu storage, ndipo ikamafika lamulolo linali litadutsa kale. Ulendo wachiwiri zambiri zinkakhala zili pafupi kale, foni n'kufika msanga, vuto n'kubisala. Mwini bwato ku Kachulu, pa Nyanja ya Chilwa, sanyamuka kupita ku Chisi chifukwa chakuti iye mwini walowa m'bwato. Amayang'ana kaye ngati onse amene alipira akwera ndi katundu wawo. Seva yathu inkanyamuka itangokwera yokha.

Koma funso lina linatsala, ndipo ndilo lili ndi phunziro lalikulu pa kalembedwe ka gemu zotere. N'chifukwa chiyani lamulolo silinadikire foniyo, popeza tanena kuti client imasunga mauthenga mpaka itamaliza kutsegula? Yankho ndi lakuti lamulolo silinatumizidwe n'komwe kwa iyo. Linali ClientRpc, imene ndi njira yakuti seva iuze ma client kuti achite chinthu tsopano, ndipo Mirror imatumiza ClientRpc kwa ma client okonzeka okha. Amene sanakonzeke samusungira, amangomudumpha, ndipo palibe chenjezo limene limaoneka, chifukwa kwa Mirror palibe chimene chalakwika. SyncVar ndi yosiyana. Imeneyi ndi nambala kapena mawu amene seva imasunga pa chinthu cha netiweki, ndipo client ikangokonzeka n'kupatsidwa chinthucho, imapatsidwanso mtengo wa SyncVar monga ulili pa nthawiyo, kaya yafika msanga kaya yachedwa. Kuyambira pamenepo ndimadzifunsa funso limodzi ndisanalembe ClientRpc iliyonse: wosewera akaphonya uthengawu, kodi angathe kupitiriza kusewera? Phokoso la belu la njinga akaliphonya palibe chimene chawonongeka. Koma nkhani yakuti mpikisano wayamba ndi mkhalidwe wa gemu, umene uyenera kupezeka kwa aliyense wofika nthawi ina iliyonse, ndipo malo ake ndi mu SyncVar.

Kukonza kwake kunali ndi mbali ziwiri. Mbali yoyamba, seva sikuyambanso kuwerenga ikangofika. Imasunga mndandanda wa osewera amene anali m'chipinda chodikirirana, ndipo imachonga aliyense payekha akafika. Pano pali kamsampha kena, chifukwa OnServerReady imanena kuti client yakonzeka kulandira, koma njinga yake ingathe kukhala isanapangidwe, popeza pempho lopanga wosewera ndi uthenga wina umene umabwera pambuyo pake. Ife timachonga mu OnServerAddPlayer, njinga itaikidwa kale pamzere woyambira. Ndiponso timasunga nambala za osewera osati chiwerengero chawo chokha, chifukwa chiwerengero chimanamizika mosavuta: wosewera mmodzi akawerengedwa kawiri chimafika pa 4 wina asanafike. Mbali yachiwiri, onse akafika seva situmiza lamulo lakuti yambani. Imalemba mu SyncVar nthawi imene mpikisano uyambe, yowerengedwa ndi NetworkTime.time, wotchi ya seva imene Mirror imathandiza client iliyonse kuiyerekeza. Foni iliyonse imayang'ana nthawi imeneyo n'kudziwerengera yokha, ndipo ngakhale itafika nthawiyo itadutsa, imaona kuti yadutsa n'kumasula njinga pomwepo.

Pali zovuta zina za m'banja lomweli zimene log yomweyo imagwira msanga. Yofala kwambiri imabwera munthu akalemba OnClientSceneChanged yakeyake, kuti mwina abise chithunzi chodikirira, n'kusaitana base.OnClientSceneChanged, imene ndi ija yoyambirira ya Mirror. Mawu akuti ndakonzeka ali m'kati mwa imeneyo, ndiye client imatsegula scene bwinobwino n'kukhala chete, seva n'kumaidikira mpaka kalekale. Wosewera amaona msewu wopanda njinga ngakhale imodzi. Mu log mumaona OnClientSceneChanged kumbali ya foni popanda OnServerReady yoyankha kumbali ya seva, ndipo kusowa kwa mzere umodzi umenewo ndiko kumaulula zonse. Mbali ina ya vuto lomweli ndi kuitana base n'kupemphanso wosewera ndi dzanja lanu, pamene seva imadandaula kuti kulumikizana kumeneko kuli kale ndi wosewera.

Ina imene inatitengera nthawi ndi callback yoitanidwa kawiri. Titamaliza mpikisano n'kubwerera kuchipinda chodikirirana, nyimbo ya pamsewu inkayamba kawiri pa mpikisano wotsatira, ndipo pa wachitatu katatu. Gwero lake ndi SceneManager.sceneLoaded, njira imene Unity imadziwitsira zinthu zolembetsa kuti scene yatsegulidwa, imene inalowa m'malo mwa OnLevelWasLoaded kuyambira mu Unity 5.4. Imeneyi ndi static event, kutanthauza kuti si ya scene ina iliyonse ndipo siiphwasulidwa scene ikasintha. Chinthu chikalembetsa ndi += koma osadzichotsa ndi -=, dzina lake limatsalabe m'kaundula ngakhale chinthucho chitaphwasulidwa. Scene ikatsegulidwanso, chinthu chatsopano chimalembetsanso, ndipo Unity imaitana onse, amoyo ndi akufa omwe. Code ya chinthu chakufa ikakhudza mbali yake ya Unity mumaona MissingReferenceException, ndipo pamenepo muli ndi mwayi chifukwa mwauzidwa. Ikangoitana chinthu china chamoyo, monga choimba nyimbo chimene chinasungidwa ndi DontDestroyOnLoad kuti chisaphwasulidwe scene ikasintha, palibe chenjezo, ntchito imangochitika kawiri. Mankhwala ake ndi kulembetsa mu OnEnable n'kudzichotsa mu OnDisable nthawi zonse (ma callback amene Unity imaitana chinthu chikayatsidwa ndi chikazimitsidwa), ndipo ndi bwino kuonjezera mu log nambala ya GetInstanceID, kuti mukaona mizere iwiri yofanana mudziwe ngati ndi chinthu chimodzi cholankhula kawiri kapena zinthu ziwiri zosiyana. Amene amazimitsa domain reload (kutsegulanso code yonse mwatsopano) kuti Play Mode, yoyesera gemu mkati mwa Unity, iyambe msanga, mwayi umene unabwera mu Unity 2019.3, ayenera kusamala koposa, chifukwa kaundula wa static event satsukidwa pakati pa kuyesa kumodzi ndi kotsatira.

Dongosolo la mkati mwa makina amodzi liyeneranso kudziwika. Scene ikatsegulidwa, zinthu zake zimalandira ma callback a Awake ndi OnEnable, kenako sceneLoaded imaitanidwa, ndipo Start imabwera pambuyo pake. Chinthu cholembetsa ku sceneLoaded mu Start chimaphonya scene yake yomwe, ndipo code ya mu sceneLoaded imene ikudalira zimene zimakonzedwa mu Start imapeza zopanda kanthu. Kuonjezera apo, ngakhale LoadSceneAsync, lamulo la Unity lotsegulira scene, imawerenga mafayilo kuseri gemu ikuyendabe, gawo lomaliza lodzutsa zinthu za mu scene limachitikira pa thread yaikulu, mzere wa ntchito umene umayendetsa gemu yeniyeniyo, ndipo pa foni yofooka Awake yolemera ingathe kuumitsa gemu kwa kanthawi ndithu, mauthenga a netiweki osatuluka.

Amene sagwiritsa ntchito Mirror asaganize kuti nkhaniyi siikuwakhudza. Netcode for GameObjects, imene Unity inatulutsa yokha mu 2022, ili ndi OnLoadComplete, imene imanena za client imodzi, ndi OnLoadEventCompleted, imene imabwera onse akamaliza kapena nthawi yodikira ikatha, ndipo imapereka mindandanda iwiri, wa amene afika ndi wa amene achedwa. Kusokoneza ziwirizi kumabala vuto lomwe lija la njinga yoima. Mu Photon PUN, njira ina ya netiweki yogwira ndi Unity, PhotonNetwork.LoadLevel imaimitsa kaye mzere wa mauthenga scene ikamatsegulidwa, pa chifukwa chomwe Mirror imachitira. Mayina ndi osiyana, koma funso limene wolemba ayenera kufunsa pa callback iliyonse ndi limodzi, lakuti ikunena za makina ati.

Pa kayesedwe, tinasintha zinthu zingapo zimene sizifuna ndalama. ParrelSync imalola kutsegula Unity kawiri pa kompyuta imodzi, ina ngati seva ina ngati client, popanda kupanga build (gemu yomangidwa kuti iikidwe pa foni kapena pa kompyuta) nthawi iliyonse, chimene chimapulumutsa nthawi ndi batire magetsi akathima. Mirror ili ndi LatencySimulation, imene imachedwetsa ndi kutaya mauthenga mwadala. Koma kuchedwa kwa netiweki ndi kuchedwa kotsegula scene ndi zinthu ziwiri zosiyana, ndipo chachiwirichi ndicho chinatipweteka. Chotero tinaika kabatani kobisika kamene kamachititsa client kudikira masekondi amene tasankha isananene kuti yakonzeka. Ndi kabatani kameneka vuto limene linkabwera mwa apo ndi apo limabwera nthawi iliyonse tikalifuna, ndipo vuto lobwera mukaliitana ndi limene mungatsimikize kuti mwalikonzadi. Foni ya mnyamata uja tsopano ndi imene timayamba kuyesera build iliyonse yatsopano, ndipo iye ndi amene amapereka chilolezo chakuti ipite kwa ena.

Kudikira osewera onse kumabweretsa funso limene code siingayankhe yokha, lakuti tidikire mpaka liti. Wosewera angathe kulandira foni scene ili pakati potsegulidwa, bandulo yake ingathe kutha, kapena angathe kungotseka gemu. Amene kulumikizana kwake kwaduka timamuchotsa pa mndandanda mu OnServerDisconnect, ndipo pomwepo seva imayang'ananso ngati otsalawo akwana, chifukwa ikapanda kutero anthu atatu akhala akudikira munthu amene sabweranso. Wovuta ndi amene adakali wolumikizidwa koma sakufika. Pa ameneyu tinatsutsana ndithu. Ena ankafuna nthawi yaifupi, ponena kuti anthu atatu asavutike chifukwa cha mmodzi. Ine ndinaima pa nthawi yotalikirapo, chifukwa nthawi yaifupi imalanga munthu yemweyo tsiku lililonse, wa foni yofooka, ndipo ameneyo akasiyidwa kawiri katatu sabweranso. Tinagwirizana kuti odikirawo aziona pa sikirini mayina a amene afika ndi a amene akubwera, popeza munthu amapirira bwino akadziwa chimene akudikira, ndipo nthawi ikatha mpikisano uziyamba. Wochedwayo akafika amapeza njinga yake yomasuka, chifukwa nthawi yoyambira ili mu SyncVar, ndipo angathe kuthamangitsa anzake kapena kudikira mpikisano wotsatira.

Ntchito imene ili patsogolo pathu ndi kugawa msewu wa kuphiri m'zigawo, kuti foni isamanyamule tauni yonse ndi phiri lonse nthawi imodzi. Zimenezi zidzafuna ma additive scene, amene amatsegulidwa pamwamba pa scene ina popanda kuiphwasula. Pamenepo OnClientSceneChanged idzaitanidwa pa chigawo chilichonse, koma Mirror siipempha wosewera watsopano pa kutsegula kwa mtundu umenewu, ndiye chizindikiro chathu cha OnServerAddPlayer sichidzatiuza kuti foni yalandira chigawo cha kutsogolo. Tidzafunika uthenga wathuwathu wochoka ku client wonena dzina la chigawo chimene yamaliza, ndipo seva idzayenera kusankha chochita ndi njinga imene yafika pamalire a chigawo chimene foni ya mwini wake sinatsegule.